Kosaka mbale za galamafoni mukafika ku London

Mukafika ku London muli ndi njala ya mbale za galamafoni, ambiri amene mungawafunse njira adzakulozerani ku HMV pa Oxford Street. Sakusocheretsani dala. Sitolo ija ndi yaikulu ndipo ndi yakalekale: inayamba pa nambala 363 m'chaka cha 1921, yakhala ikuchoka n'kumabwerera, ndipo inatsegulidwanso pamalo omwewo mu Novembala 2023. Ngati mukufuna chimbale chatsopano cha woimba amene dziko lonse likumutchula, lowani, mutola msanga n'kumapita. Ine ndinkafuna zina: rumba ya ku Congo, kanindo, simanjemanje, magitala a ku Zimbabwe ndi ku Zambia, reggae yakale, ndiponso, mwayi ukalola, kena kake ka kwathu ku Malawi. Zoterezi zilimo mu London, zambiri ndithu, koma zili m'timashopu ta m'misewu ing'onoing'ono, ndipo zimatulukira munthu amene akudziwa kafunsidwe kake.

Ndinafikira kwa achemwali anga, amene ndi namwino kumwera kwa mzindawu, ndipo wondiyendetsa anali mwana wawo wamwamuna, wobadwira konko. Tisananyamuke anandifunsa kuti, "Amalume, nyimbo zonse zili pafoni masiku ano. Mukalemedwerenji ndi mapulasitiki?" Funso lake linali loona ndipo ndinamuyankha moona. Si zonse zili pafoni, makamaka za kuno kwathu. Zimene zilipozo zimabwera zokhazokha: sudziwa anaimba gitala ndani, anajambulira kuti, chaka chiti. Mbale imabwera ndi chikuto chake, zithunzi, maina a oimba onse mpaka wa ng'oma, nthawi zina kabuku kathunthu ka mbiri ya gululo. Theka la mtengo ine ndimalipirira zimenezo.

Aliyense wa nthawi yochepa ayambire ku Soho. Mukatsika sitima yapansi pa Oxford Circus kapena pa Tottenham Court Road, mumangoyenda mphindi zochepa n'kufika pa Berwick Street, kamsewu kopanikizika komwe masana kumakhala msika wa zakudya zophikaphika. M'kadera kameneka muli mashopu anayi oyandikana: Sister Ray ndi Reckless Records pa Berwick Street penipeni, Sounds of the Universe pongokhotera mu Broadwick Street, ndi Phonica pa Poland Street. Phonica, yomwe inatsegulidwa mu 2003, ndi ya ma DJ, house, techno ndi zovinira m'makalabu. Ndi yokonzedwa bwino, koma si ya zofuna zanga, ndiye tinangosuzumira. Sister Ray yalemera kumbali ya rock ndi pop, zatsopano ndi zakale zomwe. Wokonda zimenezo sangatulukemo chimanjamanja.

Ndalama zanga zambiri zinatsalira ku Sounds of the Universe, ndipo mtima wanga uli m'malo. Shopuyi ndi ya eni ake a Soul Jazz Records, kampani ya mu London momwemo imene kuyambira 1992 yakhala ikufukula nyimbo zakale n'kumazidindanso pa mbale zatsopano: reggae ya ku Studio One ya ku Kingston, funk ya ku New Orleans, za ku Brazil, za ku Cuba, za ku Nigeria. Ukangolowa umadziwiratu kuti ogulitsa pano amamvera zimene akugulitsa. Chimene chikulira m'masipika si wailesi ayi, ndi mbale imene wina pakauntala waisankha, ndipo ukafunsa amakuonetsa chikuto chake. Gawo la Africa ndi gawo lenileni, loti uimirirepo mpaka miyendo kutopa. Pali magalamafoni ndi mahedifoni oti umvere kaye usanatulutse ndalama, chinthu chofunika kwambiri pamene mbale imodzi ikudya ndalama ya chakudya cha masiku awiri. Musaiwale kutsika masitepe. Chipinda chapansi ndi cha mbale zakale ndi mabuku a nyimbo, ndipo kumakhala bata kusiyana ndi pamwamba, pomwe Loweruka masana mumachita kupanikizana mapewa.

Tsono nayi mfundo imene ndikufuna muitenge, chifukwa ndi imene imasiyanitsa wobwerako ndi thumba lodzaza ndi wobwerako atangotopa. Funso loti "muli ndi nyimbo za ku Malawi?" silipita patali. Wogulitsa sasunga katundu wake m'mutu potsata maiko. Amasunga potsata makampani amene amamutumizira mbalezo. Mukatchula kampani, maso ake amayera pomwepo. Ine ndinatchula Bongo Joe, kampani ya ku Geneva imene imatulutsa nyimbo za Madalitso Band, anyamata awiri aja amene anayambira kuimba m'misewu ya ku Lilongwe. Mnyamata wa pakauntala sanayang'ane n'komwe pa kompyuta. Anapita pa bokosi lina, n'kusolola Musakayike, chimbale chawo cha 2022. Anaitulutsa mbaleyo m'chikuto, anaigwira m'mphepete ndi zikhatho zonse ziwiri osakhudza mizere, n'kuiika pa galamafoni ya shopu yonse, osati ya m'makutu. Babatoni wa chingwe chimodzi uja atayamba kugunda, anthu awiri amene anawerama pa mabokosi a jazz anadzutsa mitu, ndipo mmodzi anabwera kudzafunsa kuti chikulirachi n'chiyani. Mwana wa achemwali uja anayamba kutola mawu amodziamodzi amene amawamva kwa mayi ake kunyumba, n'kumandiyang'ana kuti ndimutsimikizire. Ndinagula, ndipo bambo wofunsa uja anatenganso yake.

Makampani enawo ndi awa, muwalembe pa kapepala. Mukafuna za ku Zambia nenani Now-Again, ya ku Los Angeles, imene inadindanso mbale za WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, komanso zosakaniza ziwiri zotchedwa Welcome to Zamrock! mu 2017 (Zamrock ndi rock ya ku Zambia ya m'zaka za m'ma 1970). Analog Africa ya ku Germany inayamba ntchito yake ndi magulu awiri a ku Zimbabwe, The Green Arrows ndi Hallelujah Chicken Run Band, momwe munkaimba Thomas Mapfumo ali mnyamata, kenaka inafalikira ku Benin, Angola, Congo ndi kwina. Strut ili ndi mbaqanga ya ku Soweto. Soundway ili ndi za ku Ghana, Nigeria ndi Kenya, ndipo okonda kanindo ayang'ane kumeneko. Mr Bongo inayamba ngati kashopu pa Berwick Street pomwepa mu 1989 isanasamukire ku Brighton. Maina asanu kapena asanu ndi limodzi amenewa akutsegulirani mabokosi m'shopu iliyonse yabwino, kaya ku London, kaya ku Manchester, kaya ku Johannesburg.

Ndinaima nthawi yaitali pa bokosi la za ku Zambia, ndikusangalala komanso ndikumva kuwawa. Kusangalala chifukwa Paul Ngozi akamaimba m'Chinyanja ndimamva liwu lililonse, ndipo kuona nkhope yake pa shelefu pakati pa London n'chinthu chokoma. Kuwawa chifukwa pambali pake panalibe Daniel Kachamba, panalibe Allan Namoko, panalibe Robert Fumulani. Sikuti anzathu a ku Zambia ankaimba bwino kuposa athu. Nkhani ndi ya makina. M'zaka za m'ma 1970 ku Ndola kunali fakitale ya Teal yodinda mbale, kunali Zambia Music Parlour yotulutsa magulu atsopano, ndipo Kenneth Kaunda analamula kuti wailesi izidzaza ndi nyimbo za m'dzikomo. Mbale zinadindidwa zambiri, zinakhala m'nyumba za anthu pa Copperbelt zaka makumi atatu, mpaka osaka zakale anazipeza n'kuyamba kufunafuna eni ake. Lero Jagari Chanda ndi gulu lake la WITCH akuimbanso m'maiko a ku Ulaya ndi ku America. Kwathu oimba ambiri ankajambulira ku MBC, pa matepi a wailesi. Nzeru Record Company inayesa kutulutsa timbale ting'onoting'ono kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, koma sinakhalitse. Kenaka tinalumphira ku makaseti, aja tinkagula kwa O.G. Issa ku Limbe, ndipo kaseti sichedwa kutha: tepi imatafunidwa, dzuwa limaipinda, chikuto chimafufuma. Wosaka mbale wa ku Germany kapena ku America akafika ku Blantyre alibe choti atole pansi, ndiye amapitirira. Ndimalakalaka atapezeka Mmalawi wa khama ndi ndalama pang'ono, n'kukhala pansi ndi mabanja a oimbawa komanso osunga matepi, kuti nyimbozi zituluke moyenera, eni ake n'kulandirapo kanthu.

Za kwathu zochepa zimene mungazipeze nthawi zambiri zili pa CD, choncho musanyoze mabokosi a ma CD. Hugh Tracey anajambula nyimbo m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, za bangwe, za kalimba, za pamtondo, ndipo kampani ya SWP ya ku Netherlands inazitulutsanso pa ma CD awiri, ina ya kumpoto ndi pakati, ina ya kumwera ndi pakati. Funsaninso The Very Best, gulu la Esau Mwamwaya, lomwe nkhani yake inayambira mu London momwemu, m'shopu ya katundu wakale ku Clapton komwe Esau anakumana ndi mmodzi wa anzake oimba nawo. Chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 2009. Pali Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, pali Malawi Mouse Boys, pali Zomba Prison Project imene inafika pa mndandanda wa opikisana pa mphotho za Grammy mu 2016. Sizipezeka tsiku lililonse, koma wogulitsa wabwino amakuuzani ngati angathe kuitanitsa musanabwerere.

Shopu yachiwiri imene ndingatumeko m'bale wanga ndi Honest Jon's, pa nambala 278 Portobello Road. Poyamba njira: musatsikire pa Notting Hill Gate monga amachitira alendo ambiri, chifukwa mudzayenda msika wonse wa Portobello, ndipo Loweruka anthu amakhala pikitipikiti. Tsikirani pa Ladbroke Grove. Shopuyo ili chakumpoto kwa msewuwo, pafupi ndi mlatho waukulu wa magalimoto wa Westway, m'dera limene anthu ochokera ku Trinidad ndi Jamaica anakhazikikamo kalekale, komwenso kumachitikira Notting Hill Carnival kumapeto kwa Ogasiti. Yakhala ikugulitsa kuyambira 1974, ndipo kuyambira 2002 ili ndi kampani yakeyake yotulutsa mbale, imene anaiyambitsa pamodzi ndi woimba Damon Albarn. Chimene ndimawalemekezera ndi chakuti analowa m'nkhokwe ya kampani ya mbale ya EMI ku Hayes, momwe munasungidwa mbale zakalekale zosweka msanga zija za 78, n'kutulutsamo nyimbo za ku Congo za m'ma 1950 ndi za kum'mawa kwa Africa zomwe palibe ankazimvanso. Alinso ndi mndandanda wotchedwa London Is the Place for Me, wa nyimbo zimene anthu akuda ankaimba mu London nkhondo yachiwiri itatha, calypso, highlife, ngakhale kwela.

Muno mulibe phokoso la malonda. Munthu wa pakauntala anandisiya ndifufuze ndekha mpaka nditamuyandikira. Ndinamuuza kuti ndikufuna magitala a ku Congo akale, a nthawi imene Franco anali asanakhale ndi gulu lalikulu. Anatulutsa mbale zitatu, anaziyala pakauntala, anandifotokozera kusiyana kwake mwachidule, kenaka analoza yotchipa pa zonse n'kunena kuti ndiyambe ndi imeneyo, zinazo ndidzabwerere ndikaikonda. Wogulitsa amene amakukankhira ku chotchipa chifukwa ndicho chokuyenera, ameneyo ndi wosowa kulikonse. Ndinatenga ziwiri. Amene mukufika pa sitima kuchokera ku Leeds, Nottingham kapena Scotland, dziwani kuti ali ndi nthambi ina ku Coal Drops Yard, kuseri kwa siteshoni ya King's Cross.

Rough Trade West ili pafupi pomwepo pa Talbot Road, yaing'ono ndi yodzaza. Dzina limeneli linayamba mu 1976. Inzake yaikulu, Rough Trade East, ili ku Old Truman Brewery pafupi ndi Brick Lane kuyambira 2007, ndipo muli pogulitsira khofi ndi nsanja yomwe magulu amaimbirapo madzulo. Mwana wa achemwali anaikonda kuposa zonse. Zambiri mmenemo ndi zatsopano za achinyamata. Timapepala timene amamata pa zikuto, tofotokoza mwachidule kuti nyimbozo ndi zotani, timathandiza kwambiri munthu wosadziwa magulu a masiku ano. Za Africa zilimo, zodindidwanso, koma ine ndinali nditaziona kale ku Soho.

Panali shopu ina, m'dera limene sindinalitchule pano, imene inandikhumudwitsa, ndipo ndiifotokoze kuti mudziwe zizindikiro. Pakhomo n'pokongola, magetsi owala bwino, zikuto zodula zitapachikidwa pakhoma. Nditafunsa za Africa, mnyamata wa pamenepo analoza pansi ndi chibwano, maso ali pafoni. Pansi pa tebulo panali katoni imodzi yolembedwa World, momwe Miriam Makeba anapanikizana ndi nyimbo za asilikali a ku Scotland ndi mbale yophunzitsira Chisipanishi. Ndinapezamo imodzi ya Mahotella Queens, koma nditapempha kuti ndiitulutse ndiione pa kuwala, anati salola. Mbale yakale yoti sungaione mizere yake si yogula. Ndinaibwezera n'kutuluka. Mukaona katoni ya pansi yotere ndi wogulitsa wosadzutsa mutu, musataye ola lanu. Mzindawu uli ndi mashopu ambiri oti muchite kupemphetsa ulemu.

Za mbale zakale, Reckless Records ndi poyambira pabwino. Yakhala pa Berwick Street kuyambira 1984, imagula kwa anthu n'kumagulitsa, choncho katundu amasintha tsiku ndi tsiku. Kusaka kwake n'chimodzimodzi kaunjika belo likangotsegulidwa: umapinda msana, zala zimada, zambiri n'zosakuyenera, koma wodekha ndiye amatola. Chimene London ili nacho chochuluka, ndipo chotchipa, ndi mbale za ku Africa zimene zinadindidwa ku Britain komweko m'zaka za m'ma 1980. Nthawi imeneyo John Peel ndi Andy Kershaw ankaziulutsa pa BBC, Bhundu Boys inatchuka mpaka kukaimba pa bwalo la Wembley potsegulira zoimbaimba za Madonna mu 1987, ndipo Angerezi ambiri anagula. Ogulawo akalamba tsopano, ndipo mashelefu awo akutsikira m'mashopu. Ndiye muona Bhundu Boys, Four Brothers, Thomas Mapfumo, Kanda Bongo Man, Mahlathini, ndi chimbale chosakaniza chija cha Earthworks cha 1985, The Indestructible Beat of Soweto, zambiri zili bwinobwino chifukwa zinakhala m'nyumba zozizira, zopanda fumbi. Bambo anga anali mtchona ku Salisbury, Harare wa lero, ndipo pobwerera anadza ndi gumbagumba ya Supersonic ndi mulu wa timbale ta simanjemanje. Tinatimaliza tokha ndi singano yobuntha pa maukwati a m'mudzi. Mawu amene aja ndinawapezanso pano pa mtengo wa mbale ya chakudya chamasana.

Musadutsenso mashopu a mabungwe achifundo, monga a Oxfam, amene ali pafupifupi m'dera lililonse. Za Africa n'zosowa mmenemo, koma Jim Reeves, Don Williams, Kenny Rogers ndi Dolly Parton ali mbwee, pa paundi imodzi, ziwiri kapena zitatu. Kwa Angerezi ndi zotsala za agogo. Kwathu ndi nyimbo za Lamlungu masana zimene akuluakulu amazikondabe. Ndinatolera apongozi anga zingapo.

Mbale yakale musamaigule ndi maso a pa chikuto. M'mashopu ambiri chimene chili m'bokosi ndi chikuto chokha, mbale yake ili kuseri kwa kauntala, ndiye pemphani akupatseni. Igwireni m'mphepete, muipendeketse pansi pa getsi, muitembenuze pang'onopang'ono. Timizere topyapyala tooneka ngati tsitsi pamwamba nthawi zambiri sitimveka. Koma mukaona kukalika kodutsa mizere ya nyimbo, yendetsanipo chala mopepuka: chala chikakumva, singano idzakumvanso, ndipo mudzamva "tha, tha, tha" pa kuzungulira kulikonse, kapena idzadumpha kumene. Kenaka ikwezeni ifanane ndi maso, muone ngati ili yowongoka. Yopindika imavinitsa singano ndipo siwongoka msanga. Yang'anani pa kabowo ka pakati: pakakhala tizipsera tambiri pa pepala lozungulira, mbaleyo inaimbidwa kwambiri. Nunkhizani chikuto, chifukwa nkhungu ya m'chipinda chonyowa imalowa mpaka m'mizere. Pomaliza werengani pepala la pakatilo, mutsimikize kuti mbale ndi chikuto n'zogwirizana. Pa mtengo mudzaona zilembo: NM ndi yokhala ngati yatsopano, VG+ ndi yabwino ya tizilema tochepa, VG imathetheka pang'ono koma imamveka, G ndi yotopa. Ine ndimaima pa VG+, kupatula ngati ndi chinthu chimene sindidzachionanso. Mukakayika mtengo, tsegulani pafoni Discogs, msika wa mbale wa pa intaneti, muone mmene ena akugulitsira mbale yomweyo, koma chitani zimenezo pambali, osati pamaso pa wogulitsa.

Okonda reggae, ndipo kwathu ndife ambiri, asungire Brixton theka la tsiku. Ndi kumathero kwa sitima ya Victoria line, kumwera kwa mtsinje wa Thames. Supertone Records pa Acre Lane ndi ya akuluakulu, yakhalapo kuyambira m'ma 1980, ndipo Lion Vibes ili mkati mwa msika wa Brixton Village. Kuno mfumu ndi kambale kakang'ono ka 45, nyimbo imodzi kutsogolo, kuseri dub yake, nyimbo yomweyo atachotsamo mawu ambiri n'kusiya besi ndi ng'oma. Kagulidwe kake n'kosiyana: umatchula woimba kapena kamvekedwe kamene ukufuna, wogulitsa amaika kamodzi, masekondi ochepa, wachotsa, waika kena, iwe n'kumangogwedeza mutu pa kamene kakugwira, iye n'kumaunjika pambali. Besi yake imamvekera m'chifuwa. Burning Spear, Culture ndi Dennis Brown alipo ochuluka, komanso lovers rock, reggae yofewa yachikondi imene inabadwira mu London momwemu m'zaka za m'ma 1970. Za reggae ya ku Africa musayembekezere zambiri. Mashopu awa maso awo ali ku Jamaica ndi ku Britain. Potuluka mupeza therere, chinangwa ndi nsomba zouma pa Electric Avenue, zoti mukapepesere nazo kunyumba chifukwa chochedwa.

Za ndalama ndinene mosabisa. Mbale yatsopano, kuphatikizapo zodindidwanso zija, imakhala pakati pa mapaundi 25 ndi 35, ndipo ya mbale ziwiri m'chikuto chimodzi imaposa apo. Zakale wamba zimayambira pa mapaundi 5 kufika 15. Ya orijino ya Zamrock yodindidwa ku Ndola ikapezeka imafika mapaundi mazanamazana, ndipo ine sindiona chifukwa chake munthu wongofuna kumvera angaigulire, pamene yodindidwanso imamveka bwino ndipo inatuluka ndi chilolezo cha eni nyimbo. M'shopu mulibe kunenerera, mtengo ndi umene walembedwa, ngakhale kuti ukagula zakale zambiri ena amachotsako pang'ono mwa kufuna kwawo. Konenerera ndi pa misika ya mbale, monga umene umachitika ku Old Spitalfields Market Lachisanu lina pamwezi. Musawerengere zobwezeredwa msonkho pa bwalo la ndege. Britain inathetsa zimenezo kwa alendo kuyambira Januwale 2021. Mashopu ambiri satsegula m'mamawa, ndipo Lamlungu amatseka msanga, ndiye onani nthawi pa intaneti musanakwere sitima. Loweruka lina mu Epulo kumakhala Record Store Day, tsiku lokondwerera mashopu a mbale, mizere imayamba kusanache. Ndi tsiku lachisangalalo, koma si tsiku loti wogulitsa angakhale nanu pansi n'kukusakirani kanindo.

Kuzifikitsa kumudzi ndi ntchito inanso. Palibe ndege yochoka ku London kulunjika ku Lilongwe kapena ku Blantyre, mumasintha ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo sutikesi imaponyedwa kangapo panjira. Mbale zikhale m'chikwama cha m'manja. Imodzi ndi chikuto chake imalemera pafupifupi kota ya kilo, choncho 20 zikukwana makilo 5, ndipo ndege zambiri zimalola makilo 7 kapena 8 okha m'manja; werengerani muli m'shopu, osati pa sikelo ya pa bwalo. Pemphani makatoni awiri olimba a saizi ya mbale, amakhala nawo otumizira pa positi, muziike pakati n'kumanga ndi tepi. Mukafika musazisiye m'galimoto padzuwa ngakhale kwa ola limodzi, makamaka mu Okutobala. Kunyumba ziimirire chilili, zisagonekedwe mulu, kutali ndi zenera ndi khoma lonyowa, ndipo chilichonse chikhale m'kathumba kake ka pulasitiki chifukwa cha fumbi lathu.

Ngati galamafoni mulibe, kugula ku Britain kuli ndi ubwino umodzi waukulu: pulagi yawo ya mano atatu ndi mphamvu ya magetsi ya 230 volts n'zofanana ndi zathu, mumangolumikiza. Funsani ngati ili ndi phono preamp mkati, kachipangizo kokweza mawu ochokera pa singano, apo ayi mawu adzatuluka otsika kwambiri pa masipika anu, ndipo ikani choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu akathima n'kuyakanso. Pewani tija tooneka ngati kasutikesi tokhala ndi sipika momwemo. N'totchipa, koma mkono wake ndi wolemera ndipo umadya mizere. Ine ndinatenga ya Audio-Technica yapakatikati, ndi kaburashi kopukutira fumbi. Singano gulani ziwiri kapena zitatu za mtundu womwewo nthawi imodzi, chifukwa imodzi imatha pakapita maola mazana angapo akuimba, ndipo kwathu yoyenera makina anu simudzaipeza msanga.